Odi wa pakhomo la aphunzitsi

Mwana wa achemwali anga wamaliza digiri ya zaulimi ku Bunda ndipo mtima uli pa masitazi. Anamuuza kuti ofuna kumutenga adzafunsa ngati anagwirapo kafukufuku, komanso kalata yomuchitira umboni. Ndiye anaganiza zodzipereka kwa aphunzitsi a kuyunivesite kuti aziwathandiza popanda malipiro. Ganizo labwino. Koma atandionetsa uthenga umene anatumiza pa WhatsApp, ndinagwira pakamwa. Panalibe moni, panalibe dzina lake lonse. Uthenga womwewo anaumwaza kwa aphunzitsi angapo usiku umodzi, ngati wofesa mbewu ya fodya panazale. Lero akudandaula kuti sanamuyankhe.

Agogo anga aamuna, amene ankasankha fodya pa esiteti ina chakufupi ndi Santhe, ankakonda kunena kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mnyamata wofuna kuphunzira kusankha fodya sankangolowa m'chigafa. Ankaima patali n'kuodira. Akamuyankha, ankanjuta, kupereka moni, kunena kuti ndi mwana wa yani, kenaka chimene wadzera. Masabata oyamba ankangonyamula mindindi ndi kusesa. Tsiku lina agogo ankamupatsa tsamba kuti alikhudze, anene ngati lauma bwino. Sukulu inkayambira pamenepo.

Kalata yopita kwa mphunzitsi wa kuyunivesite ndi odi yemweyo. Choyamba, dziwa khomo limene ukugogoda. Ngati mphunzitsiyo amafufuza za matenda a mtedza, werenga kaye zimene analemba, usakamuuze kuti umakonda ziweto. Chachiwiri, mutchule ndi ulemu wake, Dokotala kapena Pulofesa, ndipo unene dzina lako, chimene unaphunzira ndi chaka chimene unamaliza. Chachitatu, pereka manja ako usanatchule zofuna zako. Mwana wa ku Kasungu ali ndi chopereka chambiri: amadziwa kuti nazale ya fodya imafesedwa mvula isanagwe, amadziwa kulankhula ndi alimi a ku Chamama ndi ku Wimbe, amadziwa kuti wofufuza salowa m'mudzi asanaonekere kwa amfumu. Zimenezi wophunzira wokulira mu Area 47 alibe. Ukatumiza, dekha. Pakatha sabata ziwiri kumbutsa kamodzi, mwaulemu.

Makomo alipo, ena pafupi pomwe. Bungwe la ARET, limene linakhazikitsidwa mu 1995 kuti lizifufuza za fodya, lili ndi koleji ya Mwimba konkuno ku Kasungu. Ku Lilongwe kuli Chitedze ndi LUANAR. Vuto si kusowa kwa makomo ayi. Vuto n'lakuti ana athu tawaphunzitsa kulemba mayeso, koma kuodira tawasiyira foni.

Akakulola, mwambi wa agogo uja ndiye umayamba kugwira ntchito. Fika pa nthawi yake. Manambala a kumunda lemba amene waona, osati amene ukuganiza kuti abwana akufuna. Zotsatira za kafukufuku zisanatuluke, usakazilengeze pa Facebook. Pochoka tsanzika ndi kuthokoza. Phazi limene wasiya ndilo lidzalembedwe m'kalata ya umboni, ndipo mlomo umene wasiya udzakupeza ngakhale uli ku Pretoria.

Komabe ndisakondere akuluakulu. Malangizo a makolo anali ndi mbali ziwiri, ndipo ena amagwiritsa mbali imodzi yokha. Ife a ku Kasungu tikudziwa mmene utenanti unkadyera thukuta la anthu m'maesiteti mpaka lamulo la 2021 linauletsa. Wophunzira wodzipereka si tenanti. Ngati wayenda midzi kusonkhanitsa mayankho a alimi, apatsidwe ya thiransipoti ndi chakudya, ndipo dzina lake lioneke pamene liyenera kuoneka. Mwana wamkazi akauzidwa kuti akakumane ndi mphunzitsi kumalo ogona alendo madzulo, kukana si mwano. Agogo sankatuma mwana wa eni kukachapa zovala zawo pofuna kumuphunzitsa fodya. Nawonso ankaopa kusiya mlomo.

Mnyamata uja ndamuuza afufute uthenga wake, asankhe mphunzitsi mmodzi, awerenge pepala lake limodzi mpaka kumapeto. Loweruka abwera kuti tidzalembe kalatayo limodzi, ndipo tidzayamba ndi moni.