Davide Anavula Zida za Sauli

Powerenga 1 Samueli mutu 17 ambiri timathamangira pamene Goliati akugwa. Lero tiime pamene Sauli akuveka Davide chisoti chamkuwa ndi malaya ankhondo. Mnyamatayo anayesa kuyenda nazo, zinamukanika, ndipo anazivula chifukwa sanazizolowere. Anatenga ndodo yake, gulaye ndi miyala isanu ya mumtsinje, zida zomwe manja ake ankazidziwa kuchokera kubusa.

Nkhaniyi imandikumbutsa Gukesh Dommaraju, mnyamata wa ku Chennai m'dziko la India, yemwe anabadwa mu 2006 n'kuyamba tchesi ali ndi zaka 7. Masiku ano wosewera aliyense wamkulu amadalira kompyuta kuti imuuze kasunthidwe kabwino, ndipo ana amayamba kuifunsa akadali aang'ono. Mphunzitsi wake, Vishnu Prasanna, anamuletsa. Kwa zaka zingapo mwanayo ankakhala pa bolodi n'kumawerengera yekha m'mutu, kulakwitsa, kufufuza pomwe walakwa, n'kuyambiranso. Inali njira yochedwa, ndipo ndikhulupirira kuti inali yowawa, poona anzake akupeza yankho m'kamphindi. Koma mu 2019, ali ndi zaka 12, anafika pa udindo wa grandmaster. Makompyuta anadzawagwiritsa ntchito pambuyo pake, maganizo ake atakhwima kale.

Sindikunyoza makina ayi. Zida za Sauli zinalibe vuto, zinali zida za mfumu. Kungoti Davide akadapita nazo akadamenya nkhondo ndi mphamvu yobwereka. Ife timachita zomwezi pa chikhulupiriro. Timadalira pemphero la abusa, timatumizirana mavesi pa WhatsApp osawawerenga, ndipo matenda kapena maliro akagwa pakhomo timapezeka kuti tilibe mawu athuathu oti tinene kwa Mulungu. Mkango ndi chimbalangondo Davide analimbana nazo kutchire, popanda womuombera m'manja, ndipo n'kumeneko anadziwira kuti Yehova amapulumutsa.

Makolo, gawo lanu lilipo. Bambo ake a Gukesh, dokotala wa makutu, mphuno ndi mmero, anasiya ntchito kuti aziyenda naye ku mipikisano, banja n'kumadalira malipiro a mayi okha. Anamulipirira ulendo, koma pa bolodi ankakhala yekha. Inunso mwana mum'bweretse kutchalitchi, mum'gulire Baibulo, koma mum'lole afunse mafunso ovuta ndi kupemphera m'mawu ake, ngakhale achite chibwibwi.

Ubwino wa kuphunzira kotere umaoneka munthu akagwa. Mu 2024 Gukesh anapambana mpikisano wa Candidates ku Toronto, ndipo kumapeto kwa chakacho anakumana ndi Ding Liren wa ku China mumzinda wa Singapore, kulimbirana ukatswiri wa dziko lonse. Masewero oyamba anagonja. Anadzatsogola pa masewero a 11, koma Ding anabweza pa otsatirawo. Pa bolodi panalibe kompyuta yoti aifunse, malamulo salola. Masewero omaliza, a 14, ambiri ankati atha mofanana mphamvu, koma iye anapitiriza kufinya mpaka Ding analakwitsa. Pa 12 Disembala, ali ndi zaka 18, anaphwanya mbiri ya Garry Kasparov, yemwe anatenga ukatswiriwu ali ndi zaka 22.

Sabata ino, musanagone, tsekani foni, mutsegule mutu 17 umenewu nokha, ndipo mutchule pamaso pa Mulungu chinthu chomwe chikukuopsani.