Khutba ya Jumu'ah: Luso la Manja ndi Amana ya Mphunzitsi

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, amene anatipatsa manja ndi nzeru kuti tifunire riziki la halali. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake Muhammad, pa akubanja kwake ndi pa maswahaba ake onse. Inu akapolo a Allah, ndikudzilangiza ndekha ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah mobisika ndi moonekera.

Abale olemekezeka a kuno ku Samora Machel, chiyambire kukumbidwa kwa malasha ndi kampani ya Vale ku Moatize mu 2011, maso a anyamata athu ali kutsidya la Zambezi. Mu 2022 mgodiwo unapita m'manja mwa Vulcan, koma funso la pachipata silinasinthe: uli ndi satifiketi? Funso limeneli labala malonda. Pali anthu amene amachita lendi kachipinda, kuikamo mabenchi, n'kulonjeza kuti m'masabata awiri mwana wanu adzakhala woyendetsa makina okumbira, pamene makinawo sanawakhudzepo n'chala chomwe. Mayi wagulitsa mbuzi, bambo wakongola mametikali, mwana n'kubwera ndi pepala lokongola. Tsiku loyesedwa amatuluka thukuta loposa la dzuwa la Tete.

Wogulitsa pepala lotere wadya chuma cha m'bale wake mwachinyengo, ndipo ndalamayo ndi haramu ngakhale atapereka ina ku mzikiti. Wogula pepalalo akudziwa kuti luso alibe, nayenso asadziyese wolungama. Akalumikiza mawaya a magetsi molakwika nyumba n'kupsa, kapena akamanga mabuleki a njinga yamoto mosasamala munthu n'kufa pamsewu, pepala lija silidzamuyankhira pamaso pa Allah.

Taonani mmene Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, ankaphunzitsira. Abu Dawud analandira hadisi kuchokera kwa Abu Sa'id al-Khudri yonena kuti tsiku lina Mtumiki anapeza mnyamata akusenda mbuzi, koma asakuchita bwino. Sanamunyoze, ndiponso sanamuuze ali chapatali. Anamupempha kuti asunthe pang'ono, nalowetsa dzanja lake lodalitsika pakati pa chikopa ndi mnofu mpaka mkono wonse unabisika, mnyamatayo akuona. Kenaka anapitirira kukatsogolera swala. Mtsogoleri wa ummah wonse sanaone kuti n'kudzichepsa kudetsa mkono wake chifukwa cha mwana mmodzi. Apa pali njira yonse ya kuphunzitsa ntchito: uone pamene wophunzira akulephera, umuonetse ndi dzanja lako, umubwezere mpeni kuti apitirize yekha.

Tsono ndilankhule nanu inu a mestre, eni magalaja, owotcherera zitsulo, akalipentala ndi osoka zovala amene muli pamizere iyi. Ena a inu muli ndi ajudante amene watha zaka zitatu akutsuka masipanala ndi kutumidwa kukagula madzi ozizira. Ikafika nthawi yotsegula injini mumamutuma kumsika, poopa kuti akadziwa adzakulandani makasitomala. Mwaiwala kodi kuti riziki lili m'manja mwa Allah, osati m'chinsinsi cha injini? Makolo ake anamupereka kwa inu ngati amana. Zaka zake zaunyamata zimene mukudyazo sizidzabwerera. Ngati simukufuna kumuphunzitsa, muuzeni poyera, mumulipire ngati wantchito, akafune luso kwina.

Pambuyo pa nkhondo ya Badr, m'chaka chachiwiri cha Hijra, akaidi ena amene analibe chuma chodziombolera anamasulidwa ataphunzitsa ana khumi a ku Madina kulemba. Aphunzitsiwo sanali Asilamu, koma luso lawo linalandiridwa. Choncho musachite manyazi kuphunzira kwa aliyense wodziwa. Zaid bin Thabit analamulidwa kuphunzira malembedwe a Ayuda, ndipo anawadziwa pafupifupi m'theka la mwezi. Wina anganene kuti, onani, masabata awiri akukwanira. Koma Zaid atangophunzira anayamba kulemba ndi kuwerenga makalata enieni a Mtumiki, ndipo ntchitoyo ndiyo inali umboni wake.

Kwa inu makolo, musanapereke ndalama funsani. Boma lili ndi ANEP, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo sukulu yoona siikwiya mukaifunsa ngati ili yovomerezeka. Kuno ku Tete kuli IFPELAC, kuli Instituto Superior Politécnico de Tete, ndipo ku Moatize kuli sukulu ya za miyala ndi migodi. Pitani nokha kumene mwana wanu akufuna kulembetsa. Pemphani kuona zipangizo, funsani kuti wophunzira amagwira chida maola angati, ndiponso amene anamaliza chaka chatha ali kuti. Ana aakazi musawasiye pa nkhaniyi.

Inu anyamata, m'Sura ya Al-Kahf imene timawerenga tsiku la Lachisanu muli mneneri Musa, amene anayenda ulendo wotopetsa kukapempha kuphunzitsidwa, ndipo chimene chinamuvuta chinali kupirira. Fikani kuntchito m'mawa, funsani mwaulemu, ndipo chimene simukuchidziwa nenani kuti simukuchidziwa.

Ndikupempha chikhululuko kwa Allah, cha ine ndi cha inu, ndipo inunso mupempheni.