Kodi Makina Angaphunzire M'malo mwa Munthu?

M'chaka cha 1960, pa sukulu ya ukachenjede ya Illinois ku America, Donald Bitzer anayamba njira yophunzitsira anthu ndi kompyuta, yotchedwa PLATO. Makinawo anali kufunsa mafunso, wophunzira nayankha, ndipo iwo anali kumuuza ngati wakhoza kapena walakwa.

Lero zinthu zatembenuka. Chiyambire chaka cha 2022, pamene ChatGPT inatuluka, wophunzira ndiye afunsa, ndipo makina atha kumlembera nkhani yonse m'kamphindi.

Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kompyuta ndiye mlendoyo. Koma lumo lometa bwino ndi lomwenso licheka mwini wake.

Mnyamata wophunzira za udokotala akapempha makina kuti amfotokozere m'mene magazi amayendera m'thupi, nawerenga, nafunsanso kufikira atamvetsa, wachita bwino. Koma akatenga zimene makina alemba, nakapereka kwa mphunzitsi monga zake, wanama. Kapena mphunzitsi sadzazindikira, ndipo setifiketi adzalandira ndithu. Tsono lidzafika tsiku limene adzamtengera mayi wotaya magazi pakati pa usiku, popanda nthawi yofunsa makina. Pamenepo m'mutu mwake mudzapezeka mopanda kanthu, ndipo wolipira bodza lija adzakhala mayi wosalakwayo.

Munthu atha kutuma mnzake kukamtungira madzi, koma sangamtume kuti akamumwere. Maphunziro ali chimodzimodzi. Makina angathe kubweretsa nzeru pakhomo, koma kumwa kwake ndi kwa wophunzira yekha.