Misozi ya Mnzako Ikasanduka Nyimbo

Pali funso limene landisowetsa mtendere sabata ino: kodi n'koyenera kukomedwa ndi ululu wa munthu wina chifukwa choti waukonza kukhala nyimbo?

Funsoli landibwerera nditamvetsera Nick Drake, woyimba wa ku England. Anasiya maphunziro ku Cambridge n'kutulutsa zimbale zitatu zokha: Five Leaves Left mu 1969, Bryter Layter mu 1971 ndi Pink Moon mu 1972. Chomalizachi anachijambula usiku kawiri kokha, mawu ake ndi gitala basi, kupatula kapiyano pang'ono m'nyimbo imodzi. Anali wamanyazi, kuyimba pagulu kunkamuvuta, ndipo zimbalezo sizinayende malonda. Matenda a nkhawa atamukulira, anabwerera kwa makolo ake ku Tanworth-in-Arden, komwe anamwalira mu Novembala 1974 ali ndi zaka 26, atamwa mopyola muyeso mankhwala a matendawo.

Mu 1999 kampani ya Volkswagen inatsatsa galimoto ndi nyimbo ya Pink Moon. Apa m'pamene anthu anakhamukira zimbale zake, mwini wake atatha zaka 25 m'manda.

Kumvetserako sindikuona ngati n'kulakwa. Munthu akajambula nyimbo amafuna imveke, ndipo wachisoni amapepukidwa akamva kuti sali yekha. Chimene chimandiopsa ndi mawu amene timakonda kunena, akuti kuvutikako ndi kumene kunamupanga kukhala katswiri. Ayi ndithu. Matendawo anamutseka pakamwa. Pink Moon itatuluka, anangojambulanso nyimbo zochepa chabe. Tikamatamanda mdima wake, timakhala ngati tikuthokoza chimene chinamupha.

Ndisaloze ena chala. Ndili ndi mnzanga amene kwa miyezi ingapo ankalemba timawu tachisoni pa WhatsApp pakati pa usiku. Ine ndinkangoyankha kuti, "Amwene, mumatha kulemba inu." Sindinamufunsepo kuti chavuta n'chiyani. Ndinadzamva kwa ena kuti ntchito inamuthera kalekale ndipo masiku ena ankagona ndi njala. Ndinayamikira mawu, munthuyo osamuona. Manyazi amenewo sanandichoke mpaka lero.

Nick Drake sitingamuchitirenso kanthu. Koma aliyense wa ife ali ndi wina amene akulira mwaluso, ife n'kumangowomba m'manja. Muyimbireni foni lero. Akati ali bwino, musafulumire kudula. Funsaninso.