Buku lobedwa ndi buku lotsekeredwa

Anzanga m'gulu muno, sabata ino tiweruze mlandu uwu. Mwana wa Folomu 4 watenga buku kulaibulale ya sukulu, osabweza. Aphunzitsi oyang'anira laibulaleyo, potopa ndi kubaku, atsekera mabuku onse m'kabati, kiyi ali m'thumba. Walakwa kwambiri ndani?

Mwanayo sindikumuikira kumbuyo ayi. M'sukulu zambiri za CDSS, buku limodzi la Nthondo limazungulira gulu lonse, ana kuwerenga mosinthana akaweruka. Wolibisa m'chikwama sanabere boma, wabera anzake omwe adzalembe nawo MSCE.

Koma inu, taganizirani za kabatiyo. Ife akumsika timadziwa kuti tomato ukamuyala pabenchi, wina amafinyidwa, wina amasowa, wina amaola. Komabe palibe amamusiya m'dengu kunyumba poopa zimenezo. Buku nalonso likamagwira ntchito limada, chikuto chimathothoka, pena silibwerako. Aphunzitsi akamanyadira kuti mabuku awo onse alipo, owala ngati afika dzulo, ine ndimamva kuti sanawerengedwe.

Mantha awo ndi omveka, poti buku likasowa okayankha kwa ahedi ndi iwowo. Koma wakuba uja wamana anzake buku limodzi, pamene kiyi wamana sukulu yonse, kuphatikizapo ana amene sanabepo kanthu. Kwa ine mlandu waukulu uli pa kiyi.

Bwanji kaundula wobwereka asungidwe ndi magulu owerengawo? Ana amadziwana, ndipo amene wagoneka buku masabata atatu anzake amamulondola mpaka kwawo.