KWA APHUNZITSI: NDALAMA ZOONETSA PA MALIRE

Lamulo lachisanu ndi chinayi silivuta kuphunzitsa kwa ana ang'ono. Mwana watenga chitumbuwa, amai ake amfunsa, iye akana: limenelo ndi bodza, ndipo kalasi lonse livomera. Koma m'kalasi la ana okulirapo, kaya ku Mvera, ku Kongwe kapena ku Chinthembwe, muli anyamata ndi atsikana amene achimwene ao ali ku Joni, ndipo ena akungodikira kulemba mayeso a Fomu 4 kuti naonso anyamuke. Ana otere amadziwa zambiri za ulendowo kuposa mphunzitsi wao. Tsiku lina mmodzi adzaimika dzanja nadzafunsa kuti, “Aphunzitsi, kodi kuonetsa ndalama za amalume pa boda ndi kunama?” Musadzayankhe mofulumira, pakuti yankho lake liri pawiri.

Kale funso ili kunalibe. Agogo athu amene anapita ku migodi ndi Wenela, kapena ku minda ya ku Halale ndi Mthandizi, sanafunsidwe za m'thumba. Kampani inkayesa chifuwa, munthu nkudinda chala, ndipo ulendo wonse unali wa kampani. Njira ya Wenela inatsekedwa m'chaka cha 1974, ndege yobweza anthu kumudzi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana pa 4 Epulo, nipha Amalawi oposa 70. Inatsegukanso mu 1977 pansi pa dzina la Teba, nkudzatsekekanso mu 1988. Lero ambiri amapita okha monga ankachitira a selufu, pa basi yodzera ku Dedza kapena ku Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, mpaka pa Beitbridge. Kumeneko sayesanso chifuwa ai. Amafunsa za ndalama.

Mmalawi amaloledwa kulowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30 ngati mlendo wokacheza. Lamulo la dzikolo lifuna kuti mlendo akhale ndi zokwanira kudzisunga, ndipo ndalama imene apaulendo akhala akuuzidwa kuonetsa ndi marandi 3,000. Kwa mlimi wa soya wa kwa Malenga kapena kwa Chiwere imeneyi ndi ndalama yaikulu, makamaka kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tsono anthu apeza njira ziwiri. Pena banja limasonkha: amalume agulitsa mbuzi, azakhali atapa ku banki mkhonde, bambo achotsako pa fodya amene anagulitsa ku Kanengo, nampatsa mwana. Pena munthu amabwereka kwa mnzake wa m'basi, kapena kwa wina amene ntchito yake ndi yomweyo, naonetsa pa windo. Chidindo chikangomenyedwa, abweza, mwinanso ndi kapamwamba. Ndalama imodzimodzi ikhoza kuwolotsa anthu angapo tsiku limodzi. Pa windo njira ziwirizi zimaoneka zofanana, pakuti mapepala ake ndi amodzi.

Poyamba timve bwino funso la mwini chidindo. Iye akufunsa kuti: ukalowa muno udzadya chiyani, udzagona kuti, ukadwala udzagwira pati, ndipo udzabwerera bwanji kwanu? Munthu akatambasula ndalama zija, ngakhale asatsegule pakamwa, wayankha kale kuti, “Izi ndi zanga, ndidzadyera zimenezi.” Manja amachita umboni monga lilime. Pa Machitidwe 5 sitimva kuti Hananiya ananena kanthu pobwera ndi ndalama za munda wake. Anangoziika pa mapazi a atumwi, ndipo ndalamazo zinamlankhulira bodza. Iye anaonetsa zochepa ngati zonse, wa pa malire aonetsa za mwini ngati zake, koma njira yake ndi imodzi. Ana azindikire kuti munthu akhoza kunama ali duu.

Nanga ndalama yopatsidwa? Pano tisaike katundu pa chikumbumtima cha ana pamene palibe mlandu. Chinthu chopatsidwa ndi cha wolandira. Amalume akakupatsa nkhuku, ukhoza kuipha, kuigulitsa kapena kuiweta, ndipo palibe adzakutenge wakuba. Chomwechonso ndalama. Ngati anatsegula dzanja kwenikweni, mwana amene aonetsa ndalamayo akunena zoona, ngakhale sanaikhetsere thukuta. Ofesala sanafunse kuti unaivutikira ndiwe kodi. Wafunsa ngati iri m'manja mwako kuti uigwiritse ntchito. Ndani wa ife anayamba moyo ndi zake zokha? Fizi ya sukulu, khasu loyamba, ngakhale munda umene tikulima, tinachita kupatsidwa.

Vuto lathu liri pa mau akuti “kupatsa”. Akuluakulu anati kupatsa nkuika. Kwathu kuno mphatso ya pachibale sikhala yopanda chingwe konse. Amalume amene agulitsa ng'ombe lero akuyembekeza kuti mphwao akakhazikika adzatumiza ya feteleza, adzaphunzitsa ang'ono ake, ndipo maliro akadzagwa m'mudzi sadzathimitsa foni. Mwana wa chikumbumtima chofewa angathe kudandaula kuti, “Tsono imeneyi si ngongole yomwe, yongovala malaya a mphatso?” Ai, si ngongole. Chiyembekezo cha ubale chiribe tsiku, chiribenso chiwerengero. Chinalipo ndalamayo isanaperekedwe, ndipo chikanakhalapo ngakhale amalumewo akanapanda kupereka kanthu. Ngongole iri ndi zonse ziwiri: ndalama yakutiyakuti, pofika mwezi wakutiwakuti.

Pali muyeso umodzi umene mwana aliyense wa kumudzi angathe kuumva. Tinene kuti mnyamata wapita, ntchito sanaipeze, ndalama yonse wadyera, wabwera chimanjamanja. Kodi amalume aja adzangopukusa mutu nkuti zinthu sizinayende, kapena adzatengera nkhaniyo ku bwalo la a mfumu kuti ndalama yao ibwere? Ngati adzangomva chisoni, inali mphatso. Ngati pali mlandu, inali ngongole, ngakhale anaitchula dzina lotani pa tsiku lotsazikana. Ndipo funso limeneli liyenera kufunsidwa poyera ulendo usanayambe. Mabanja ambiri amachita manyazi kulifunsa. Wopereka amaganiza kuti wakongoza, wolandira amaganiza kuti wapatsidwa, ndipo chidani chake chimadzaphulika patapita zaka, kawirikawiri pa maliro.

Maiko akutali amene ana athu ophunzira amalakalaka anaika malamulo ofufuza chinthu chomwechi. Wofuna kukaphunzira ku Britain ayenera kuonetsa kuti ndalama yakhala mu akaunti kwa masiku 28 otsatizana. Akaunti ikhoza kukhala yake, kapena ya kholo lake lomubala kapena lomlera mwa lamulo, pamodzi ndi kalata ya chilolezo. Akaunti ya amalume siwerengedwa. Kwa ife Achewa, amene timadziwa kuti malume ndiye mwini mbumba, lamulo lotere limadabwitsa, ndipo lionetsa kuti olilemba sadziwa nyumba zathu. Komabe khomo silinatsekedwe: amalume ayenera kuichotsa ndalamayo m'manja mwao ndi kuiika m'dzina la mphwao, ndiko kunena kuti apatsedi. Ku Canada, ofuna kukakhazikika monga anthu a luso amauzidwa poyera kuti ndalama yobwereka siloledwa, ndipo banki imalemba mmene akaunti yayendera pa miyezi 6. Wopezeka atanama angathe kuletsedwa kulowa ku Britain kwa zaka 10, ku Canada kwa zaka 5. Onani kuti maiko onsewa sakana mphatso ya abale. Chimene akana ndi ndalama yongodutsa.

Ndalama yongodutsayo ndiyo ya Agibeoni. Werengani Yoswa 9 ndi ana anu; nkhani yake amaikonda. Anthu a pafupi anavala nsapato zakutha, nanyamula mkate wouma wa nkhungu, kuti aoneke ngati achokera kutali. Mkatewo unali weniweni ndithu, munthu akanatha kuugwira ndi kuununkhiza. Chonama chinali nkhani imene mkatewo unkanena. Marandi obwereka pa windo naonso ndi enieni. Chonama ndi chimene akunena za mwini dzanja. Ndipo bodza ili siliyenda lokha. Amene waonetsa ndalama ya mwini kawirikawiri wanenanso kuti akukacheza kwa masiku 30, pamene mumtima akudziwa kuti akukafuna ntchito ya m'dimba kapena ya m'nyumba kwa zaka.

Koma mwana wochenjera sadzakhala chete, ndipo mum'mvere mpaka amalize. Adzati: malire amenewa anaika ndi azungu, amene anadula Achewa patatu, ena ku Malawi, ena ku Zambia, ena ku Mozambique. Lamulo la ndalama limatsegulira wolemera ndi kutsekera wosauka, chonsecho wosaukayo ndiye ali ndi chifukwa chenicheni choyendera. Yakobo ndi ana ake anatsikira ku Aigupto chifukwa cha njala. Anamwino aja, Sifra ndi Puwa, anamnamiza Farao, ndipo Mulungu anawachitira zabwino. Nanga mnyamata wa ku Ntchisi amene chimanga chatha mu Okutobala walakwanji?

Zambiri mwa izi ndi zoona, ndipo mphunzitsi asaziphimbe. Lamulo likhoza kukhala lolemera kwa osauka, ndipo si tchimo kunena choncho, ngakhale kupempha atsogoleri kuti akambirane ndi maiko anzathu za njira zolongosoka zopitira ku ntchito. Koma anamwino aja anaima pakati pa makanda ndi munthu wofuna kuwapha. Ofesala wa pa Beitbridge sakufuna kupha munthu. Kwa othawa imfa maiko ali ndi khomo lina, ndipo ife a ku Dowa tikulidziwa bwino: pa Dzaleka, pamene kale panali ndende, pakhala anthu othawa nkhondo kuyambira 1994, ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda ndi kwina, ndipo chimene anafunsidwa ndi chimene anathawa. Umphawi ndi wowawa, koma tikanena kuti umaloleza bodza pa malire, tidzayankha bwanji wosauka amene aika miyala pansi pa thumba la mtedza? Iyenso ali ndi ana a njala.

Pali chinanso chimene anyamata saganiza. Funso la ofesala, ngakhale lifunsidwe mwaukali, ndi funso limene mai wako akanakufunsa: ukadya chiyani? Amene wabweza ndalama ija kuseri kwa windo amatsika basi ku Johannesburg alibe kanthu, mwinanso ali kale ndi ngongole ya amene anamtenga. Ayenera kuvomera ntchito iriyonse pa malipiro alionse. Masiku 30 akatha amayenda moyang'ana kumbuyo. Akagwidwa, njira yake ndi ya ku Lindela, kumene amasunga anthu odikira kubwezedwa kwao. Kuyambira 2014, wopitirira masiku ake ndi masiku oposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa zaka 5. Woyamba kunamizidwa ndi ndalama zoonetsa ndi mwini ulendo.

Mlanduwu suli pa wapaulendo yekha. Mbale amene alemba kalata yakuti “ndampatsa mphwanga ndalamayi ndipo sindidzaifunanso,” akudziwa kuti viza ikangotuluka ibwerera, wachita umboni wonama ndi siginecha yake. Mkulu wa mpingo kapena mphunzitsi amene apemphedwa kuchitira umboni kalata yotere afunse kaye funso la ku bwalo lija. Kukana mbale nkowawa, ndipo mwina adzakunenani kuti ndinu a nsanje. Koma mukhoza kumthandiza m'njira ina: kuitana banja kuti liwerengere pamodzi zimene lingapatsedi, ndi kuona ngati ulendo ungadikire kukolola kwina. Ndiponso wolandira mphatso yeniyeni adzifunse ngati sakusiya agogo opanda mbuzi ndi imodzi yomwe. Lamulo la pa malire lidzaivomera ndalama imeneyo, koma lamulo lachisanu lidzafunsa zake.

Pophunzitsa zimenezi chenjerani ndi nkhope za ana. Pakati pao pali amene yunifolomu yao, ngakhale chopereka chimene abwera nacho, zachokera kwa bambo amene anawoloka ndi ndalama yobwereka. Musatchule maina, ndipo musalole ana kulozana zala. Mukafika kumapeto kwa nkhani ya Agibeoni musaime pa kutema nkhuni ndi kutunga madzi pokha. Pitirirani nao ku 2 Samueli 21, pamene Mfumu Sauli anapha ena a iwo, ndipo dziko linagwa m'njala ya zaka zitatu m'masiku a Davide chifukwa cha mwazi wao. Analowa ndi chinyengo, inde, koma sanasanduke anthu oti aliyense awachite zimene afuna. Ana amene anamva za Amalawi othamangitsidwa ndi kumenyedwa ku South Africa mu 2008 ndi mu 2015 adzafuna kumva mbali imeneyi. Mukatha, apatseni ntchito yoti akachite kunyumba: akafunse agogo ao amene anapitako ku Wenela kapena ku Halale kuti ponyamuka anapatsidwa chiyani ndi abale, ndipo pobwera anawatengera chiyani. Sabata yamawa muyambire pa mayankho aowo.