Bwalo n'la Yani? Gule, Ulumali ndi Chilungamo ku Mhangura

Dzina loti Mhangura m'Chishona limatanthauza mkuwa. Tauniyi, yomwe ili m'boma la Makonde m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe, idakula chifukwa cha mgodi wa mkuwa umene udayamba ntchito chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Ambiri mwa okumba mkuwawo, pamodzi ndi olima fodya m'mafamu ozungulira, adali ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Iwowa adapita ndi chinenero chawo komanso gule wamkulu, yemwe Ashona amamutcha zvigure. Mgodiwo udatsekedwa m'chaka cha 2000, chaka chomwenso mafamu a azungu adayamba kulandidwa, koma m'makomboni a ku Mashonaland ng'oma sizidaleke kulira pamaliro. Funso lofunika kulisinkhasinkha ndi ili: ng'omazo zikalira, kodi wosaona, wosamva ndi wosayenda ali ndi ufulu pabwalopo, kapena akapezekapo ndiye kuti ena angomuchitira chifundo?

Yankho liyambire pa chinenero. Mawu oti chilema m'Chichewa ndi chirema m'Chishona ali m'gulu limodzi la mayina ndi chingwe kapena chitseko. Nawonso mawu oti bofu, omwe Ashona amatchulira wosaona, sali m'gulu la munthu ndi anthu. Gulu la dzina palokha silimanga maganizo a eni chinenero, komabe limazoloweretsa khutu kumva za wolumala ngati chinthu chonyamulidwa ndi kuikidwa pamene ena afunira. N'chifukwa chake kunena kuti munthu waulumali kuli ndi tanthauzo: munthu amatsogola, ulumali n'kubwera pambuyo.

M'mayiko awiriwa mwatuluka aluso olumala otchuka. Allan Namoko wa ku Thyolo, wosaona yemwe adatsogolera Chimvu River Jazz Band, adamwalira mu 1995 koma nyimbo zake zikumvekabe. Paul Matavire, naye wosaona, adatchuka ndi Jairos Jiri Band, gulu loyimba la bungwe losamalira olumala lomwe Jairos Jiri adayambitsa ku Bulawayo mu 1950. Kanema wa Music by Prudence, wofotokoza za Prudence Mabhena ndi gulu la Liyana, adapata mphotho ya Oscar mu 2010. Komatu kuwomba m'manja kuli pawiri. Wina amayamikira kaimbidwe ka banjo ya Namoko, pomwe wina amangozizwa kuti wosaona n'kutha kuimba. Wachiwiriyu sadamve nyimbo ayi, wangoona ulumali. Ndiponso anthu omwewo amene amalandira wolumala akamawasangalatsa, kawirikawiri samuganizira akafuna kukhala m'gulu la oonerera.

Apa bwalo la gule lili ndi phunziro, pakuti gule amafika kwa munthu kudzera m'njira zingapo: ng'oma, nyimbo za amayi, chigoba ndi mavinidwe. Wosamva amaona chilombo ndipo kugunda kwa ng'oma kumamufika m'chifuwa, koma nyimbo, momwe muli mwambi ndi chidzudzulo, zimamudutsa. Wosaona amamva nyimbo yonse koma sadziwa chimene chalowa m'bwalo mpaka wina amunong'oneze. Wosayenda amatsekerezedwa ndi misana ya oimirira, ndipo chilombo chikathamangira anthu, khamu n'kubalalika, iye sangathawe. Poopa ngozi yotere abale amangomusiya kunyumba, namaganiza kuti amukomera mtima.

Chifundo n'chabwino, koma chimadalira wopereka, ndipo iye akatopa chimathera pomwepo. Chilungamo chimanena kuti munthu apatsidwe zomwe zili zake kale. Gule wamkulu sadangokhala msangalatso chabe: amaperekeza mzimu wa womwalira ndi kulangiza otsala. Wosiyidwa kunyumba wamanidwa mwayi wotsanzikana ndi kholo lake mwamwambo. Bungwe la UNESCO lidazindikira gule wamkulu mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, ndipo liwu loti onse silipatula. Gawo 30 la pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, la mu 2006, limanena za ufulu wotenga nawo mbali pa zachikhalidwe. Dziko la Malawi lidavomereza panganoli mu 2009, la Zimbabwe mu 2013. M'chaka chomwecho malamulo aakulu a Zimbabwe adazindikira zinenero 16, ndipo Chichewa ndi chinenero chamanja zili pamndandanda umodzi. Mchewa wa ku Mhangura, yemwe akudziwa kuwawa kotchedwa mlendo m'dziko lomwe adabadwira, ayenera kukhala woyamba kumvetsa wosamva amene wasandutsidwa mlendo pabwalo lakwawo.

Ena anganene kuti malo omwe mgodi udatsekedwa, ntchito n'kusowa, alibe ndalama zokonzera mabwalo. Umphawiwo ndi woonadi, koma zoyambirira sizilira ndalama. Tsabwalo angathe kupatula malo kutsogolo kumene zilombo zauzidwa kuti zisathamangireko. Mdzukulu angathe kukhala pambali pa agogo ake osaona n'kumawafotokozera zochitika. Wodziwa chinenero chamanja angathe kuima pafupi ndi amayi oyimba n'kumamasulira nyimbo. Ena angaope kuti kufotokoza kotere kuulula zinsinsi. Koma zakudambwe zimatsalira kudambwe. Zofotokozedwazo ndi zomwe ngakhale mwana wosavinidwa akuziona ndi maso ake poyera. Mwambo udaika malire pakati pa wolowa ndi wosalowa. Malire a pakati pa woona ndi wosaona adangobwera ndi chizolowezi, ndipo chizolowezi chimasinthika.

Akuluakulu adati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. M'makomboni a m'migodi mwambiwu suchita kufuna womasulira, pakuti miyala yakugwa, fumbi la pansi ndi ukalamba zalumaza anthu omwe adafika ali amphamvu. Ena mwa okalamba amene lero akutsala kunyumba ng'oma zikulira ndi omwewo adasema ng'omazo ndi kulambula bwalolo. Kuwakonzera malo kutsogolo n'kuwabwezera ngongole, ndipo wovina wa lero akawakonzera malowo wadzikonzeratu pokhala pake pamawa.